Kodi zakumwa zopanda shuga n'zabwinodi m'thupi? Zokambirana pa gulu la olankhula Chichewa mu Harare

Make Tadala, Mabvuku:
Moni nonse akuluakulu ndi abale a pa gulu lino. Ndili ndi funso limene likundisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha amene akudziwa za chipatala kuti andithandize. Bambo a kunyumba anapezeka ndi matenda a shuga, ndipo chiwauzireni kuti asiye zakumwa zotsekemera, anayamba kugula zija zolembedwa kuti Zero kapena Diet, moti tsiku silidutsa osamwako. Tsopano pali uthenga umene ukuzungulira pa WhatsApp wonena kuti zakumwa zimenezi zimayambitsa khansa ndiponso kuti n'zoopsa kuposa za shuga zomwe. Kodi zimenezi n'zoona kapena ndi mphekesera chabe?

Bambo Mwale, Highfield:
Zikomo mayi chifukwa chofunsa poyera m'malo mongoutumiza uthengawo kwa ena. Nkhani ya khansayo ili ndi pamene inachokera, koma yakhala ikukokomezedwa pamene ikudutsa m'mafoni. Mu Julaye 2023, nthambi ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO yofufuza za khansa, yotchedwa IARC, imene ili mumzinda wa Lyon ku France, inaika aspartame m'gulu la 2B. Aspartame ndi amodzi mwa mankhwala otsekemeretsa amene amathiridwa m'zakumwa zambiri zopanda shuga. Gulu la 2B ndi la zinthu zimene zikukayikiridwa kuti mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Mowa, fodya ndi nyama zokonzedwa kufakitale monga masoseji ndi polony zili m'gulu 1, limene umboni wake ndi wokwanira, ndipo nyama yofiira ili m'gulu la 2A, lomwe lili pamwamba pa aspartame. Amene akufalitsa uthenga uja sanena zimenezi.

Kondwani, Mount Pleasant:
Ndiwonjezereko pang'ono pa zimene anena a Mwale, popeza nkhaniyi tinaiphunzira m'kalasi ya zamankhwala. Tsiku lomwelo limene IARC inalengeza zimenezi, komiti ina ya WHO ndi FAO (bungwe loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse) yotchedwa JECFA, yomwe ntchito yake ndi kuona mlingo wa zinthu zothira m'zakudya, inanena kuti sinapeze chifukwa chosinthira mlingo wakale, womwe ndi mamiligalamu 40 a aspartame pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu patsiku. Munthu wolemera makilogalamu 70 ndiye kuti mlingo wake ndi mamiligalamu 2,800. Chitini chimodzi chimakhala ndi mamiligalamu apakati pa 200 ndi 300, choncho kuti adutse mlingowo ayenera kumwa zitini zoposa 9 mpaka 14 tsiku lililonse. Wamkulu amene amamwa botolo limodzi kapena awiri ali kutali ndi malire amenewo. Koma masamu omwewo amasintha tikafika kwa ana. Mwana wolemera makilogalamu 20 mlingo wake ndi mamiligalamu 800 okha, zomwe ndi zitini 3 kapena 4, ndipo tisaiwale kuti aspartame amapezekanso mu chingamu, mu yogati wina ndi m'timapaketi ta ufa wosungunula m'madzi timene ana amakonda.

Sisitala Nabanda, Kuwadzana:
Make Tadala, ine ndimagwira ntchito ya unamwino ndipo odwala shuga ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku, choncho ndiyankhe kaye chimene chili chofulumira. Musawabwezere bambowo ku zakumwa za shuga chifukwa choopa uthenga umenewo. Chitini cha mamililita 330 cha cola wamba chimakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a shuga, kutanthauza masupuni aang'ono 8 kapena kuposerapo, ndipo shuga wa m'madzi chotere amalowa m'magazi mofulumira kwambiri. WHO imalangiza kuti ngakhale munthu wosadwala asamapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, ndipo zimakhala bwino koposa akamalekezera pa 25. Kwa munthu wa matenda a shuga, kuvulaza kwa chakumwa cha shuga n'kodziwika ndipo kumaoneka pa makina oyezera pasanathe ola, pamene kuvulaza kwa chakumwa cha Zero kukadali nkhani yofufuzidwa.

Komabe sindikufuna kuti mawu angawa amveke ngati ndikuyamikira zakumwa zimenezi. Chimene chimandidetsa nkhawa ine si khansa kwenikweni, koma maganizo amene anthu ambiri ali nawo akuti popeza mulibe shuga, ndiye kuti zafanana ndi madzi ndipo angathe kumwa mmene angafunire. Mu Meyi 2023, WHO inatulutsa malangizo akuti anthu asamagwiritse ntchito mankhwala otsekemeretsawa, monga aspartame, sucralose, saccharin, acesulfame K ngakhalenso stevia, ngati njira yochepetsera thupi, chifukwa pakapita nthawi yaitali saoneka kuti amathandiza, ndiponso kuwagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri kwaoneka kuti kumayendera limodzi ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, matenda a mtima ndi kumwalira msanga. Malangizowo sanakhudze anthu amene anapezeka kale ndi matenda a shuga, chifukwa kafukufuku amene anaunikidwa sanali wa iwo. Choncho bambo anu ali m'gulu limene nkhani yake iyenera kukambidwa ndi dokotala wawo, koma ife enafe malangizowo akutikhudza mwachindunji.

Bambo Mwale, Highfield:
Asisitala, pamenepo ndili ndi funso limene ndakhala nalo kwa nthawi. Mwanena kuti kumwa zakumwazi kumayendera limodzi ndi matenda a mtima ndi a shuga. Koma kodi amene amagula zakumwa za Diet ndi ndani? Kawirikawiri ndi munthu amene wanenepa kale, kapena amene wauzidwa kuchipatala kuti magazi akuthamanga, kapena amene makolo ake anamwalira ndi shuga ndipo akuchita mantha. Munthu wotereyu anali kale panjira ya matendawo asanatsegule botolo loyamba. Mukaona anthu ambiri odwala atanyamula timabuku ta kuchipatala, simunganene kuti timabukuto ndi timene tawadwalitsa. Kodi ofufuzawo anasiyanitsa bwanji zimenezi?

Kondwani, Mount Pleasant:
Funso lanu, bambo, ndi lomwelo limene akatswiri eni ake amakanganirana, ndipo n'chifukwa chake WHO inanena kuti malangizo ake aja ndi oyenera kuwaganizira malinga ndi mmene zinthu zilili m'dziko lililonse, osati lamulo lomaliza. Ndifotokozeko zimene zinapezeka kuti aliyense adziweruzire yekha.

Kafukufuku wa ku America wotchedwa MESA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2009, anapeza kuti anthu omwa zakumwa za diet tsiku lililonse anali ndi chiopsezo cha matenda a shuga a mtundu wachiwiri chokwera ndi 67 peresenti poyerekeza ndi osamwa. Mu 2017, ofufuza amene amatsatira anthu a m'tauni ya Framingham ku America anapeza kuti omwa chakumwa chotere chimodzi kapena kuposerapo patsiku anali ndi chiopsezo chochuluka pafupifupi katatu cha sitiroko yobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha ya mu ubongo, komanso cha matenda oiwalaiwala a Alzheimer, ngakhale kuti amene anadwaladi anali ochepa, zomwe zimachititsa kuti chiwerengerocho chisakhale cholimba kwambiri. Mu 2019, kafukufuku wa amayi oposa 80,000 amene anasiya kusamba, wotchedwa Women's Health Initiative, anapeza kuti omwa ziwiri kapena kuposerapo patsiku anali ndi chiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 23 peresenti ndipo cha matenda a mtima chokwera ndi 29 peresenti. Chaka chomwecho, kafukufuku wa anthu oposa 450,000 a m'mayiko 10 a ku Ulaya anapeza kuti omwa matambula awiri kapena kuposerapo patsiku ankamwalira msanga poyerekeza ndi amene ankamwa mwa apo ndi apo. Ku France, kafukufuku wa NutriNet-Santé wa anthu oposa 100,000 anapeza mu 2022 kuti ogwiritsa ntchito kwambiri mankhwala otsekemeretsawa anali ndi chiopsezo cha khansa chokwera ndi 13 peresenti.

Onsewa anali ongotsatira anthu ndi kuwafunsa zimene amadya ndi kumwa. Ofufuza amayesetsa kuchotsera zinthu monga kunenepa, kusuta, msinkhu ndi matenda amene munthu anali nawo kale, ndipo akatero chiwerengero chimatsika, nthawi zina kwambiri, koma si nthawi zonse pamene chimatheratu. Kumbali ina, pamene anthu agawidwa mwamaere, ena n'kupatsidwa chakumwa cha shuga ena chopanda shuga, opatsidwa chopanda shuga amanenepa mochepa. Ku Netherlands ana 641 anatsatiridwa chotero kwa miyezi 18, ndipo mu 2012 zinadziwika kuti omwa chopanda shuga anawonjezera thupi mochepera ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Ine mmene ndikuonera, umboniwu ukunena momveka kuti chakumwa cha diet chili bwino kuposa cha shuga, koma sukupereka chilolezo chakuti munthu azimwa ziwiri kapena zitatu tsiku lililonse kwa zaka 20, chifukwa pamlingo umenewo ndi pamene zizindikiro zoipa zimabwerezabwereza kuoneka m'mayiko osiyanasiyana.

Bambo Mwale, Highfield:
Ndamva, mwana wanga, ndipo wayankha mosakondera. Koma ngati mulibe shuga, kodi chakumwacho chingafike bwanji pa shuga wa m'magazi? Payenera kukhala njira yake.

Kondwani, Mount Pleasant:
Njira imene yafufuzidwa kwambiri ndi ya mabakiteriya a m'matumbo, aja abwino amene amatithandiza kugaya chakudya. Ofufuza a ku Weizmann Institute ku Israel anaonetsa mu 2014 kuti saccharin ankasintha mabakiteriya amenewa mu mbewa za m'labotale, ndipo mbewazo zinkayamba kulephera kutsitsa shuga wa m'magazi bwinobwino. Mu 2022 anayesa pa anthu 120 athanzi, ndipo anapeza kuti saccharin ndi sucralose, ngakhale pamlingo wosafika malire ovomerezeka, ankasintha mmene thupi limalandirira shuga pa milungu iwiri yokha, koma mosiyanasiyana malinga ndi munthu. Aspartame ndi stevia anasinthanso mabakiteriyawo, koma sanaonetse kusintha komweko pa shuga wa m'magazi. Anthu 120 ndi ochepa ndipo milungu iwiri ndi yochepa, koma zikuonetsa kuti mankhwalawa sangodutsa m'thupi osakhudza kanthu, ndiponso kuti sitiyenera kuwaphatikiza onse ngati chinthu chimodzi.

Che Amidu, Mbare:
Ine sindinaphunzire za mankhwala, koma ndili ndi kagolosale pafupi ndi Mbare Musika ndipo ndimaona mmene anthu amagulira. Njira ina imene achimwene a Kondwani sanaitchule ndi ya m'mutu mwa wogula. Munthu amalowa thukuta lili kamukamu, amatsegula fuliji, dzanja limapita pa botolo la chizindikiro chofiira, kenako amalibweza n'kutenga lakuda la Zero, ndipo amandiuza monyadira kuti anasiya shuga. Akafika pa kauntala amawonjezera mabanzi awiri ndi paketi ya mabisiketi a kirimu, ndipo chenji chikasowa amasankha maswiti. Shuga amene wamukana m'botolo wamutenga m'pepala, mwinanso wochulukirapo, koma iye akuchoka ali wokhutira kuti wadzisamalira. Zimenezi ndimaziona kawirikawiri, makamaka kwa azibambo a misinkhu yathu ino.

Chachiwiri chimene ndikufuna abale adziwe n'chakuti mankhwala otsekemeretsawa sali m'mabotolo olembedwa Zero kapena Diet okha. Kuyambira mu 2024 boma la Zimbabwe linayamba kudula msonkho pa galamu iliyonse ya shuga wothiridwa m'zakumwa, ndipo nduna ya zachuma, a Mthuli Ncube, ananena kuti ndalama zake zithandiza kugula zipangizo zochizira khansa. Ku South Africa msonkho wofanana nawo unayamba mu Epulo 2018, ndipo makampani ambiri kumeneko anachepetsa shuga n'kuthiramo mankhwala otsekemeretsa kuti kukoma kusasinthe. Katundu wambiri wa m'mashelefu athu amachokera komweko. Mukatembenuza botolo n'kuwerenga timalemba tating'ono ta kumbuyo, mupeza kuti zakumwa zambiri zooneka ngati zawamba zili ndi zonse ziwiri, shuga komanso sucralose kapena acesulfame K. Amene munali kuno mu 2018 mukukumbukira mmene anthu anadandaulira pamene Mazoe, chakumwa chosungunula ndi madzi chija, anasinthidwa n'kuthiridwa mankhwala otsekemeretsa, mpaka opanga ake anabwezeretsa kapangidwe kakale. Pamenepo anthu anazindikira chifukwa kukoma kunasintha, koma pa zakumwa zina zambiri sitizindikira.

Sisitala Nabanda, Kuwadzana:
Che Amidu, mfundo yanu yachiwiriyo ndi yofunika kwambiri kwa odwala shuga. Botolo lolembedwa kuti shuga wachepetsedwa si lofanana ndi lopanda shuga, ndipo ndaonapo odwala akumwa loyambalo poganiza kuti ndi lachiwirilo. Pakalata ya kumbuyo yang'anani mzere wa shuga pa mamililita 100 aliwonse, kenako muchulukitse malinga ndi kukula kwa botolo. Mukaona mawu akuti muli phenylalanine, chenjezo limenelo ndi la anthu obadwa ndi vuto losowa kwambiri lotchedwa phenylketonuria, amene matupi awo satha kugaya chinthu chimenechi, chomwe chimatuluka aspartame akagayika, ndipo kwa iwo chimawononga ubongo. Kwa ena tonse chenjezolo silitikhudza.

Mayi Kamanga, Warren Park:
Ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti mano sanatchulidwe, chikhalirecho apa ndi pamene umboni suchita kukayikitsa. Ndimathandizira dokotala wa mano, ndipo pali mtundu wa kuwonongeka kwa mano umene timauzindikira wodwala akangotsegula pakamwa. Si kubowoka kwakuda kuja kwa maswiti ayi. Mano akutsogolo amakhala osalala mopitirira, onyezimira ngati apukutidwa, m'mphepete mwake mopyapyala moti kuwala kumadutsa, ndipo pamwamba pa mano otafunira pamakhala timaenje tosaya tachikasu pamene chikuto choyera cha dzino chatha. Wodwalayo amadandaula kuti akamwa madzi ozizira kapena akapuma mpweya wa m'mawa mu Juni, mano amachita dzanzi mpaka m'mutu. Mukamufunsa amanena kuti sadya shuga, amangomwa Zero.

Chimene chimadya manowo ndi asidi. Zakumwa za cola zimakhala ndi phosphoric acid, za zipatso zimakhala ndi citric acid, ndipo asidi ameneyu amakhalamo kaya muli shuga kaya mulibe. Chikuto cha dzino chimayamba kusungunuka pH, nambala yoyezera asidi imene imatsika asidi akachuluka, ikafika cha pa 5.5, pamene zakumwa za cola za diet zili cha pa 3. Chikutocho chikatha sichimeranso. Choipa kwambiri ndi kumwa pang'onopang'ono tsiku lonse, botolo lili patebulo la mu ofesi kapena pambali pa chiwongolero, chifukwa malovu sapeza mpata wochotsa asidi ndi kukonza dzino. Amene sangathe kusiya, ndi bwino amwe nthawi imodzi pamodzi ndi chakudya, achukuche m'kamwa ndi madzi, ndipo asatsuke mano nthawi yomweyo koma adikire mphindi 30 kapena kuposerapo, chifukwa mswachi umapala dzino limene lafewa ndi asidi. Ndipo chonde, makolo anzanga, tisathire zakumwa zimenezi m'botolo la mwana woyamwa.

Nangozo, Dzivaresekwa:
Pepani kuti ndikulowerera, akuluakulu. Ine ndine woyembekezera, ndipo chifukwa cha nseru ndakhala ndikumwa zakumwa zimenezi poganiza kuti ndikupewa shuga. Kodi ndisiye?

Sisitala Nabanda, Kuwadzana:
Mng'ono wanga, usachite mantha ndi zimene unamwa kale, koma uchepetse kuti chisakhale chizolowezi cha tsiku ndi tsiku. Ku Denmark, kafukufuku wa amayi oyembekezera oposa 59,000, amene anatuluka mu 2010, anapeza kuti omwa zakumwa za mankhwala otsekemeretsa tsiku lililonse ankabereka masiku asanakwane kawirikawiri kuposa osamwa. Nayenso ndi wa mtundu uja wongotsatira anthu, choncho sakutsimikizira kuti chakumwacho ndicho chinachititsa, koma pa mimba timasankha kusamala. Palinso caffeine, mankhwala ochotsa tulo aja a mu khofi ndi tiyi, amene ali mu cola aliyense kupatula wolembedwa kuti mulibe. Madokotala ambiri amalangiza woyembekezera kuti asapitirire mamiligalamu 200 patsiku, kuwerengera pamodzi tiyi, khofi ndi cola. Za nseruzo ukanene ku sikelo, chifukwa pali njira zina zothandizira, monga kudya pang'onopang'ono pafupipafupi ndi kumwa madzi a jinja wosathira shuga.

Bambo Chirwa, Southerton:
Nkhani ya caffeine yandikhudza, chifukwa ine ndimayendetsa galimoto ya katundu pa msewu wa Nyamapanda, kudutsa ku Tete mpaka ku Mwanza ndi Blantyre. Madalaivala ambiri amene anauzidwa kuti achepetse thupi anasamukira ku zakumwa zopanda shuga, ndipo pamzere wa pachipata cha malire, kutentha kwa chigwa cha Zambezi kukafika pachimake, munthu amatha botolo la malita awiri yekha. Usiku amalephera kugona mokwanira, mtima ukugunda mofulumira, ndipo m'mawa amayamba ndi botolo lina kuti achotse tulo. Kodi pamlingo wotere impso zimapirira? Ndikufunsanso za anzathu amene amasakaniza zakumwazi ndi mowa waukali ponena kuti akupewa mimba yaikulu.

Kondwani, Mount Pleasant:
Bambo Chirwa, chitini chimodzi cha cola wopanda shuga chimakhala ndi mamiligalamu apakati pa 30 ndi 45 a caffeine malinga ndi mtundu wake, ndipo malita awiri ndi zitini 6, choncho munthuyo wamwa caffeine wofanana ndi makapu awiri kapena atatu a khofi, kuwonjezera pa tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimene madalaivala amakondanso. Caffeine amakhalitsa m'thupi, moti theka lake limakhalabe m'magazi patatha maola pafupifupi 5, n'chifukwa chake womwa madzulo sagona bwino. Za impso, kafukufuku wa anamwino a ku America amene anatuluka mu 2011 anapeza kuti amayi omwa zakumwa za diet ziwiri kapena kuposerapo patsiku anali ndi chiopsezo chowirikiza kawiri chakuti mphamvu ya impso zawo itsike kwambiri pa zaka 11, pamene omwa zochepera pamenepo sanaonetse vutolo. Kafukufuku wina wa ku Framingham wa mu 2006 anapezanso kuti amayi omwa cola kawirikawiri, wa shuga kapena wa diet, anali ndi mafupa a m'chiuno ofookerapo.

Za mowa, yankho ndi lomveka bwino ndipo madalaivala ayenera kulidziwa. Shuga amachedwetsa zinthu kutuluka m'chifu, choncho mowa wosakaniza ndi chakumwa chopanda shuga umafika m'magazi mofulumira. Pa kuyesa kumene kunachitika ku America mu 2013, anthu amene anasakaniza vodka ndi chakumwa cha diet anapezeka ndi mowa wa mu mpweya wochuluka ndi 18 peresenti kuposa pamene anasakaniza mlingo womwewo ndi chakumwa cha shuga, koma iwo eni sankadzimva kuti aledzera kwambiri.

Mayi Nankhoma, Epworth:
Ana anga, ndakumvani nonse, ndipo ndikudziwa kuti mapeto a malangizo onsewa ndi akuti tizimwa madzi. Koma tinene zoona za mzinda uno. Kwathu kuno anthu ambiri timadalira zitsime ndi mijigo, ndipo m'madera amene muli mipope madzi amatha masiku osatuluka, akabwera nthawi zina amabwera ndi mtundu ndi fungo. Amene tinaliko mu 2008 ndi 2009 tikukumbukira kolera imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo inabweranso mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro, n'kubweranso mu 2023. Munthu akakhala m'tauni tsiku lonse, kapena ali pamzere wa kombi, minibasi zathu zija, dzuwa lili pamutu, botolo lotsekedwa kufakitale amalikhulupirira kuposa madzi a m'chigubu cha munthu wosamudziwa. Sindikunena kuti zakumwazi n'zabwino, koma amene amalangiza asamayankhule ngati kuti aliyense ali ndi madzi abwino pafupi.

Sisitala Nabanda, Kuwadzana:
Amayi, mwanena zoona zokhazokha, ndipo ndikanati ndisankhe pakati pa madzi okayikitsa ndi botolo la Zero lotsekedwa bwino, ndikanauza munthu kuti amwe botololo, chifukwa kolera imapha m'masiku ochepa ndipo taifodi nayonso imapha. Koma pa shelefu yomweyo pamakhalanso madzi a m'botolo, amene nthawi zambiri mtengo wake sudutsa wa chakumwacho. Kunyumba, madzi a pachitsime kapena pamjigo awiritsidwe mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo, kapena athiridwe mankhwala a klorini monga WaterGuard kapena Aquatabs motsatira malangizo a papaketi, asungidwe m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono chotsekedwa, ndipo potuluka m'mawa munthu anyamule botolo lake. Mijigo ya m'malokeshoni nayonso inapezekapo ndi tizilombo chifukwa cha mapaipi a zonyansa ophulika, choncho kuyera kwa madzi m'maso si umboni.

Vuto lina n'lakuti lilime limene lazolowera kutsekemera kwambiri limaona madzi ngati osakoma. Aspartame amatsekemera kuwirikiza pafupifupi 200 kuposa shuga, sucralose pafupifupi 600, ndipo ngakhale amathiridwa pang'ono, chakumwacho chimapangidwa kuti chizitsekemera mofanana ndi cha shuga, choncho chilakolako cha zotsekemera sichichoka. Chimachoka munthu akamachepetsa pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Madzi ozizira ofinyiramo ndimu, tiyi wa rooibos wozizira wosathira shuga, madzi a chidede kapena a malambe osungunula kwambiri, zonsezi zimathandiza pa nthawi yosinthayi, ngakhale kuti zowawasa nazonso zili ndi asidi ndipo malangizo a Mayi Kamanga a kuchukucha m'kamwa akugwirabe ntchito.

Make Tadala, Mabvuku:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye kodi thobwa kapena maheu ophika tokha kunyumba sangakhale bwino kuposa zonsezi, popeza mulibe mankhwala a kufakitale?

Sisitala Nabanda, Kuwadzana:
Kwa munthu wosadwala amene akugwira ntchito ya thukuta, thobwa ndi chakudya chabwino. Kwa wodwala shuga ayi, mayi. Thobwa ndi phala la chimanga, ndipo chimera chimene timathiramo ntchito yake ndi kusandutsa ufawo kukhala shuga, n'chifukwa chake limatsekemera ngakhale musanathire supuni imodzi. Maheu a m'sitolo amathiridwanso shuga wina pamwamba. Chimodzimodzi madzi a zipatso, ngakhale olembedwa kuti ndi zipatso zokhazokha. Ngati bambo ali ndi makina oyezera kunyumba, ayeze asanamwe ndiponso patatha maola awiri, adzadzionera okha kusiyana kwake. Zotsatirazo azilembe m'kabuku n'kupita nazo kuchipatala, ndipo akanene moona kuchuluka kwa zakumwa za Zero zimene amamwa, makamaka ngati magazi amathamanganso kapena impso zinayamba kuvuta.

Bambo Mwale, Highfield:
Asisitala, ndili ndi funso lomaliza lokhudza ife a m'makomiti a maliro ndi a mpingo. Chaka chino tinagwirizana kuti pa misonkhano tizigula zakumwa zopanda shuga zochulukirapo poganizira achikulire athu odwala shuga. Malinga ndi zimene zanenedwa pano, kodi tipitirize?

Sisitala Nabanda, Kuwadzana:
Bambo Mwale, gawo lalikulu la ndalamazo ligule madzi, ndipo zopanda shuga zikhalepo zochepa za amene akuzifuna, chifukwa botolo limodzi pa mwambo silivulaza munthu. Koma musachotseretu za shuga, ndipo chifukwa chake ndi achikulire omwewo. Munthu amene amadzibaya insulin kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide, akachezera pa siwa usiku wonse n'kupita kumanda ku Mbudzi kapena ku Mabvuku m'mawa asanadye, shuga wake angathe kutsika kwambiri. Mudzamuona akunjenjemera, akutuluka thukuta lozizira, akuyankhula zosagwirizana kapena kukwiya popanda chifukwa, ndipo ena amaganiza kuti waledzera kapena chisoni chamukulira. Pamenepo Zero sathandiza chilichonse chifukwa mulibe shuga amene thupi likufuna. Ngati akutha kumeza, mupatseni theka la tambula yaikulu ya chakumwa cha shuga, pafupifupi mamililita 150, kapena masupuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga osungunula m'madzi, mudikire mphindi 15, ndipo ngati sanasinthe mubwereze, kenako adye nsima kapena buledi. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa chifukwa angatsamwe, koma mumugoneke cham'mbali ndi kuthamangira naye kuchipatala. Amayi ogawa zakumwa auzidwiretu kuti mabotolo a shugawo ali pati, ndipo asasakanizidwe m'beseni limodzi ndi a Zero.